Mlandu suola, ngakhale wa sayansi

Pali mawu awiri amene amatseka anthu pakamwa pa mkangano uliwonse masiku ano: "kafukufuku wapeza." Munthu akangowatchula, kaya pa wailesi kaya pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ena onse amangoti zii ngati mfumu yagamula. Ife amene tinadutsako ku yunivesite tili ndi mtundu wathuwathu wa matenda omwewa. Anatiphunzitsa kuti polemba dissertation tisatole za pa Wikipedia, titole zimene zinatuluka m'magazini a sayansi, zimene zinadutsa mu peer review, kutanthauza kuti akatswiri anzake a wolembayo anaziunika zisanasindikizidwe. Malangizowo ndi abwino. Koma chidindo chimenechi si chakale monga timaganizira, ndipo kuyambira cha m'ma 2010 zaoneka poyera kuti kuunika kolimba nthawi zambiri kumayamba pepala litatuluka kale, pa intaneti, ndipo ounikawo kawirikawiri amakhala anthu oti mkonzi sanawaitane.

Magazini a sayansi anayamba kalekale. Ya Philosophical Transactions inayamba ku London mu 1665, ndipo mkonzi wake, Henry Oldenburg, ndi amene ankasankha zolowamo. Koma mwambo wakuti pepala lililonse lizitumizidwa kaye kwa akatswiri akunja unakhazikika mochedwa kwambiri. Mu 1936, Albert Einstein ndi mnzake Nathan Rosen anatumiza pepala ku magazini ya Physical Review. Mkonzi analipereka kwa katswiri wina mwachinsinsi, katswiriyo n'kupezamo cholakwika. Einstein anapsa mtima, anati iye sanapereke chilolezo choti pepala lake lionetsedwe kwa anthu lisanasindikizidwe, n'kulitenga kupita nalo kwina. Chosangalatsa n'chakuti kumene analisindikiza kuja, mfundo yake yaikulu anali ataisintha, chifukwa wounika uja ankanena zoona. Pepala lotchuka la Watson ndi Crick la mu 1953, lofotokoza mmene DNA inapangidwira, silinatumizidwe n'komwe kwa ounika akunja. Magazini ya Nature inayamba kukakamiza zimenezi pa mapepala onse mu 1973. Makolo a ambiri a ife anali atabadwa kale.

Nanga kuunikako kumayenda bwanji? Mkonzi amatumiza pepala kwa anthu awiri kapena atatu. Anthuwa salipidwa, ali ndi ntchito zawo, ophunzira awo, ana awo. Sabwereza zimene wolembayo anachita mu labotale, ndipo nthawi zambiri saona n'komwe manambala oyambirira amene anatuluka m'makina. Amawerenga nkhani imene wolembayo wawakonzera, n'kuona ngati ikumveka. Akati ikumveka, basi pepala latuluka. Munthu wachinayi amene angaone vuto pambuyo pake, kale anali ndi njira imodzi yokha: kulemba kalata kwa mkonzi. Mkonzi yemweyo amene anavomereza pepalalo ndi amene ankasankha ngati kalatayo ituluke, ikhale ya mawu angati, ituluke liti. Pepala la Andrew Wakefield lonena kuti katemera wa MMR akukhudzana ndi autism linatuluka mu The Lancet mu 1998, ndipo magaziniyo inadzalichotsa kotheratu mu 2010. Zaka 12, makolo akuopa kubayitsa ana awo katemera wa chikuku.

Chaka cha 2010 chomwecho, atolankhani awiri a ku America, Ivan Oransky ndi Adam Marcus, anayambitsa Retraction Watch, tsamba longolondola mapepala amene achotsedwa ndi zifukwa zake. Koma nkhani imene ine ndimaiona ngati pokhotera penipeni inachitika kumapeto kwa chakacho.

Kumapeto kwa November 2010, bungwe la NASA linalengeza kuti pa 2 December lichititsa msonkhano wa atolankhani pa chinthu chimene chikhudze ntchito yofufuza zamoyo kunja kwa dziko lapansi. Pa intaneti panali phokoso. Ena anayamba kunong'onezana kuti apeza zamoyo pa Titan, mwezi wina wa Saturn. Tsikulo litafika, zinapezeka kuti nkhani ndi ya pansi pompano. Wasayansi wachitsikana, Felisa Wolfe-Simon, ndi anzake anali atatenga bakiteriya m'matope a nyanja ya Mono Lake ku California, nyanja yamchere kwambiri komanso yodzaza ndi poizoni wotchedwa arsenic. Bakiteriyayo anamutcha GFAJ-1. Ananena kuti kachilomboka kakasowa phosphorus, kamatha kumanga DNA yake ndi arsenic.

Kuti muone kukula kwa zimene ankanenazi, kumbukirani chemistry ya ku sekondale. Chamoyo chilichonse chimene tikuchidziwa, kuyambira nthata mpaka njovu, chimamangidwa ndi zinthu zikuluzikulu 6: carbon, hydrogen, nitrogen, oxygen, sulfur ndi phosphorus. Phosphorus ndi P uja wa pa thumba la feteleza wa NPK, ndipo ndi amene amapanga msana wa DNA. Pa periodic table, arsenic ali mmunsi mwenimweni mwa phosphorus. Amafanana ngati pachibale, n'chifukwa chake arsenic amapha: thupi limamulandira ngati m'bale, iye n'kuwononga zam'kati. Ndiye kunena kuti pali chamoyo chomanga DNA ndi arsenic kunali ngati kunena kuti mabuku onse a biology alembedwenso. Pepalalo linatuluka mu Science, imodzi mwa magazini awiri olemekezeka kwambiri pa dziko lonse.

Patangopita masiku awiri, pa 4 December, mayi wina wa ku University of British Columbia ku Canada, pulofesa Rosie Redfield, analemba pa blog yake ya RRResearch. Blog imeneyi inali yongosungirapo maganizo a ntchito ya mu labotale yake, yowerengedwa ndi anthu ochepa. Anadutsa m'pepalalo chithunzi ndi chithunzi. Mfundo zake zinali zosavuta kumva. Choyamba, DNA imene anaiyesa sanaitsuke mokwanira, ndiye arsenic amene anamupeza akhoza kukhala wongomatirira kunja, monga mmene matope amamatirira ku mbatata yongokumba kumene. Chachiwiri, chakudya chimene ankalerera bakiteriyayo, chimene ankati chilibe phosphorus, chinali nayebe pang'ono, ndipo Redfield anawerengetsera n'kuonetsa kuti pang'onopo n'pokwanira kuti tizilomboto tikule. Akatswiri a chemistry anawonjezera yachitatu: DNA yomangidwa ndi arsenic ikhoza kuduka m'madzi pasanathe ndi sekondi imodzi yomwe.

Zimene analembazo zinafalikira pa Twitter ngati moto wa m'chilimwe. Mtolankhani Carl Zimmer anafunsa asayansi angapo, ndipo ambiri anagwirizana ndi Redfield. Tsono yankho la NASA ndi la olemba pepala ndi limene limandichititsa chidwi. Sanayankhe za kutsuka DNA kapena za phosphorus. Anati iwo sakambirana za sayansi pa blog kapena m'manyuzipepala, amene ali ndi chodandaula alembe ku magazini, zidutse mu peer review. Taganizani: anthu amene anaitanitsa makamera a dziko lonse kuti alengeze zotsatira zawo, ndi omwewo amene ankati mafunso azidzera kukhomo lakumbuyo, mwakachetechete, pakapita miyezi. Kulengeza pa msika, koma mlandu ukakambidwe kuchipinda.

Science inadzatulutsa ndemanga 8 zotsutsa pepalalo chapakati pa 2011, patapita pafupifupi theka la chaka, ndipo zambiri zimene zinali mmenemo anthu anali ataziwerenga kale pa intaneti mu December. Redfield sanalekere pomwepo. Anaitanitsa bakiteriya yemweyo, n'kuyamba kubwereza kafukufukuyo, uku akulemba poyera zonse zimene zikuchitika: tsiku limene tizilombo takana kukula, tsiku limene wasokoneza muyeso, malangizo amene owerenga amupatsa. Mothandizana ndi anzake a ku Princeton, anatsuka DNA bwinobwino n'kuiyesa. Arsenic munalibe. Mu July 2012, Science inatulutsa pepala lawo limodzi ndi lina la gulu la ku ETH Zurich ku Switzerland, onse akunena chimodzimodzi: GFAJ-1 ndi bakiteriya wopirira kwambiri arsenic, wodziwa kutola phosphorus ngakhale atachepa chotani, koma DNA yake ndi yofanana ndi yanga ndi yanu.

Redfield anali pulofesa wokhazikika, woti sangachotsedwe ntchito chifukwa chotsutsa NASA. Apa ndi pamene pali fupa la nkhaniyi. Anthu amene amawerenga mapepala mwachidwi kwambiri, amene amakhala miyezi akuyesa kubwereza zimene zalembedwamo koma osatheka, si mapulofesa ayi. Ndi ophunzira a PhD ndi achinyamata a makontirakiti a zaka ziwiri. Amene analemba pepala lokayikitsalo mawa akhoza kukhala pa komiti yogawa ndalama za kafukufuku, kapena kukhala wounika pepala lako. Ife kuno sitifunika kuuzidwa zimenezi. M'dziko loti akatswiri a phunziro limodzi onse akhoza kukwana mu minibasi imodzi, ndani angaimirire n'kuuza bwana amene adzasaine kalata yake ya sikolashipu kuti, "Pepani, chithunzi ichi mwachigwiritsa ntchito kawiri"?

Mu 2012, wasayansi wa za ubongo wogwira ntchito ku Paris, Brandon Stell, anayambitsa webusaiti yotchedwa PubPeer. Maganizo ake anachokera ku timisonkhano ta mu labotale timene anthu amakumana n'kukambirana pepala limodzi, n'kulipeza ndi mabowo, kenako aliyense n'kubwerera ku ntchito, zimene apezazo n'kuthera m'chipinda momwemo. Pa PubPeer, pepala lililonse losindikizidwa likhoza kukhala ndi tsamba lake la ndemanga, ndipo olemba ake amalandira uthenga kuti wina wafunsa funso. Poyamba zinkayenda pang'onopang'ono. Zinasintha mu 2013 atalola kuti munthu azilemba osatchula dzina. Eni webusaitiyo nawonso anabisa mayina awo mpaka 2015. Lamulo lake lalikulu n'lakuti ulembe zokhazo zimene wina aliyense angathe kuzitsimikiza payekha poyang'ana pepalalo. Sunganene kuti uje ndi wakuba. Ukhoza kunena kuti mzere wachitatu pa chithunzi 2 ukufanana ndi mzere woyamba pa chithunzi 5 ukautembenuza, n'kuika zithunzizo pambalipambali.

Pofuna kuyerekeza: bungwe la boma la America losunga mndandanda wa mapepala a zachipatala wotchedwa PubMed linatsegula malo ake a ndemanga mu 2013, koma linkafuna kuti aliyense alembe ndi dzina lake lenileni. Linawatseka mu 2018 chifukwa anthu sankalembapo. Pa mapepala oposa 28 miliyoni, amene analandira ndemanga anali pafupifupi 6,000 okha.

Mphamvu ya anthu opanda mayinawa inaonekera bwino ku Japan mu 2014, ndipo kuopsa kwake kunaonekeranso komweko. Kumapeto kwa January chaka chimenecho, Nature inatulutsa mapepala awiri otsogoleredwa ndi Haruko Obokata, mtsikana wa zaka 30 wa ku bungwe la RIKEN mumzinda wa Kobe. Nkhani yake inali ya maselo amene angathe kusanduka mtundu uliwonse wa maselo a m'thupi, kaya a mtima, a khungu kapena a ubongo. Mnzawo wa ku Japan komweko, Shinya Yamanaka, anali atalandira mphoto ya Nobel mu 2012 chifukwa chopeza njira yopangira maselo oterewa polowetsa majini anayi m'maselo wamba. Obokata anati pali njira yachidule: tengani maselo a mbewa yongobadwa kumene, muwaviike m'madzi a asidi wofooka kwa pafupifupi theka la ola, basi. Anawatcha maselo a STAP. Atolankhani a ku Japan anamukonda kwambiri. Ankaonetsa makoma a labotale yake opakidwa penti wa pinki ndi wachikasu, ndi epuloni yophikira imene ankavala m'malo mwa chovala choyera cha asayansi.

Sabata isanathe, munthu wina pa PubPeer anaonetsa kuti pa chithunzi china cha DNA, mzere umodzi unkaoneka kuti unadulidwa kwina n'kumatidwapo. Ku Japan, wolemba wina wobisa dzina, wodziwika kuti 11jigen, anapeza kuti zithunzi zimene zinkati zikuonetsa maselo a STAP atasanduka minofu yosiyanasiyana zinali zofanana ndi za mu thesis ya PhD ya Obokata, ya kafukufuku wina. Mu thesis momwemo munapezekanso masamba pafupifupi 20 okopedwa pa webusaiti ya bungwe la zaumoyo la America. Paul Knoepfler wa ku University of California, Davis anapempha malabotale amene akuyesa njirayi kuti azimutumizira zotsatira, n'kumaziika poyera. Zinkabwera zolephera zokhazokha. Ku Hong Kong, pulofesa Kenneth Lee ankaika zotsatira zake pa ResearchGate pamene ntchito ili m'kati.

Pa 1 April, komiti ya RIKEN inagamula kuti Obokata anachita zachinyengo pa zithunzi ziwiri. Patapita sabata anaonekera pa TV akulira, akunena kuti maselowo alipo, anawapanga maulendo oposa 200. Pa 2 July, Nature inachotsa mapepala onse awiri. Kuchoka pa kusindikiza kufika pa kuchotsa, miyezi isanu. Kumbukirani zaka 12 za Wakefield. Mu December, Obokata atalephera kupanganso maselowo pamaso pa makamera, ofufuza anapeza kuti zimene ankati STAP anali maselo a mtundu wina, odziwika kale, amene anasakanikirana ndi a mu kafukufukuyo. Yunivesite ya Waseda inamulanda PhD mu 2015.

Koma pakati pa July ndi December panachitika chinthu china. Pa 5 August 2014, Yoshiki Sasai, amene ankayang'anira Obokata komanso anathandiza kulemba mapepalawo, anadzipha ku ofesi ku Kobe. Anali ndi zaka 52, ndipo anali mmodzi mwa akatswiri enieni a dziko lonse, munthu amene anakwanitsa kumeretsa mbali ya diso kuchokera ku maselo m'mbale ya mu labotale. Komiti sinamupeze ndi mlandu wachinyengo, inangoti sanayang'anire bwino. Sindikunena kuti amene anaika zithunzi pambalipambali pa PubPeer ndi amene anamupha. Iwo anafunsa funso loyenera, ndipo anali olondola. Koma funsolo litangotuluka, kumbuyo kwake kunabwera atolankhani othamangitsa anthu m'misewu, magazini a miseche, ndi chikhamu cha pa intaneti chimene sichinawerengepo pepala la sayansi chibadwire. Wolfe-Simon nayenso anakumana ndi zotere: anatukwanidwa, ananyozedwa maonekedwe, ntchito yake m'gawo limeneli inasokonekera, pamene pa pepala lija panali olemba ena ambiri, ena akuluakulu kuposa iye, amene anapitiriza moyo wawo bwinobwino. Nkhani ziwiri zonsezi, nkhope imene inapachikidwa pa mtengo inali ya mkazi wachitsikana. Ine sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Ndiye pali anthu ozindikira amene amadana ndi zobisa mayinazi, ndipo si onse amene ali ndi chobisa. Michael Blatt, mkonzi wa magazini ya Plant Physiology, analemba mu 2015 kuti zimenezi zikufanana ndi anthu ongodzipatsa okha upolisi, ndipo kukambirana kwa sayansi kumafuna kuti udziwe amene ukulankhula naye. Mfundo yake ili ndi mutu. Munthu wobisa dzina akhoza kukhala mdani wako wa pa ntchito, kapena amene unamukana ukwati. Chithunzi chikhoza kubwerezedwa mwangozi, usiku, ndi wophunzira wotopa, koma dzina lako likangooneka pa PubPeer anthu amayamba kukuyang'ana ndi diso lina. Ngakhale zili choncho, ine ndili mbali ya obisa mayina, pa chifukwa chimodzi: ngati mizere iwiri ikufanana, ikufanana basi, kaya wanena ndi pulofesa kaya ndi mlonda wa pa geti. Ukhoza kutsegula pepalalo n'kudzionera wekha. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo.

Nkhani ya mayinayi inafika mpaka kukhoti. Fazlul Sarkar, wofufuza za khansa ku Wayne State University mumzinda wa Detroit, anapatsidwa ntchito ya malipiro apamwamba ku University of Mississippi mu 2014. Akuluakulu a kumeneko ataona ndemanga za pa PubPeer zokhudza mapepala ake, anabweza ntchitoyo. Sarkar anasumira olemba ndemangawo, n'kupempha khoti kuti likakamize PubPeer kuulula mayina awo. Bungwe loteteza ufulu la ACLU linaimira PubPeer, ndipo mu December 2016 khoti la apilo la ku Michigan linagamula kuti mayinawo asaululidwe. Yunivesite yake yomwe itafufuza inamupeza wolakwa, ndipo mapepala ake pafupifupi 40 anachotsedwa. Tikunena za khansa apa, osati za nyenyezi. Ndalama ndi zaka zimene anthu ena anataya potsatira zotsatira zabodzazo palibe anazibweza.

Si onse amabisala. Elisabeth Bik, wa ku Netherlands, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Stanford, ali ndi diso loona zithunzi zobwerezedwa monga mmene amayi ena amaonera kamwala mu mpunga. Mu 2016, iye ndi anzake awiri anatulutsa zotsatira za mapepala 20,621 amene anawayang'ana ndi maso, limodzilimodzi. Mwa amenewa, 782 anali ndi zithunzi zobwerezedwa mosayenera, pafupifupi 4 pa 100 alionse. Mu 2019 anasiya ntchito yolipidwa kuti azingochita zimenezi.

Kenako kunabwera Covid-19, ndipo nkhaniyi inatifika pakhomo. Mankhwala a chloroquine ife timawadziwa. Funsani makolo anu za kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake. Dziko la Malawi ndi limene linayamba mu Africa kuwasiya ngati mankhwala oyamba a malungo, mu 1993. Mu March 2020, gulu la Didier Raoult ku Marseille linatulutsa pepala lonena kuti m'bale wake wa chloroquine, hydroxychloroquine, akuthandiza odwala Covid-19. Pepalalo linavomerezedwa patangopita tsiku limodzi chilitumizireni. Odwala anali 36 okha. Bik ndi ena anaonetsa msanga kuti odwala 6 amene analandira mankhwalawo anachotsedwa m'chiwerengero, ndipo mwa iwo atatu anapita ku chipinda cha odwala mwakayakaya, mmodzi anamwalira. Ukachotsa amene zawavuta, mankhwala alionse amaoneka amphamvu. Koma Donald Trump anali atalitola kale, dziko lonse n'kuyamba kulimbirana mapiritsi. Bik analandira matukwano ndi ziopsezo, ndipo mu 2021 Raoult anakamusumira ku France. Mlanduwo sunapite patali. Pepalalo linadzachotsedwa mu December 2024.

Mbali inayo nayonso inagwa, ndipo mwamanyazi kuposa. Pa 22 May 2020, The Lancet inatulutsa kafukufuku wa odwala oposa 96,000 a m'zipatala 671, wonena kuti hydroxychloroquine akuwonjezera imfa. Bungwe la WHO linaimitsa kaye kuyesa mankhwalawo. Manambala onse anachokera ku kampani yaing'ono ya ku America yotchedwa Surgisphere, imene pafupifupi aliyense anali asanaimvepo. Owerenga anayamba kuwerengetsera. Imfa zimene pepalalo linkati zinachitika m'zipatala zochepa za ku Australia zinali zambiri kuposa imfa zonse zimene dzikolo linali litalengeza pa nthawiyo. Za ku Africa ndiye zinali zoseketsa: manambalawo ankatanthauza kuti gawo lalikulu la odwala ndi omwalira a mu Africa muno linali m'zipatala zokhala ndi makompyuta osunga mbiri yonse ya wodwala, zotumiza zonsezo ku kampani ya ku Illinois mliri uli m'kati. Aliyense amene anagwirapo kabuku ka kuchipatala, kaja kamene adokotala amalembamo ndi bolopeni, akanadabwa. Ounika a The Lancet sanadabwe. James Watson, katswiri wa masamu a zachipatala wogwira ntchito ku Bangkok, osati uja wa DNA, analemba kalata yapoyera imene asayansi oposa 100 anasainira. Kampaniyo inakana kuonetsa manambala ake, ndipo pa 4 June pepalalo linachotsedwa, patangotha masiku 13. Funso lenileni linayankhidwa ndi kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain, amene anagawa odwala mwamaere n'kupeza kuti mankhwalawo sathandiza ogonekedwa m'chipatala.

Masiku ano ntchitoyi yakula, koma ikuchitikabe ndi anthu ongodzipereka, ambiri usiku akaweruka. Mu 2023, mkulu wa yunivesite ya Stanford, Marc Tessier-Lavigne, anatula pansi udindo pambuyo poti wophunzira wa chaka choyamba, Theo Baker, analemba m'nyuzipepala ya ophunzira za mafunso amene anakhala pa PubPeer kwa zaka zambiri popanda wowalabadira. Ofufuza sanapeze kuti iye mwini anapeka zotsatira, koma anapeza kuti m'mapepala a labotale yake munali zosinthidwa, ndipo sanachite changu kuzikonza. Mawu akuti "kwa zaka zambiri" ndi amene amandivuta pamenepa. Kuona vuto kumatenga masiku. Kuti magazini kapena yunivesite ivomere, ndi nkhani ina. Makampani osindikiza magaziniwa amapanga phindu lalikulu, amatilipiritsa madola 30 kapena 40 kuti tiwerenge pepala limodzi, koma ntchito yosesa m'nyumba mwawo akuigwira ndi anthu osalipidwa, ena oopsezedwa ndi maloya. PubPeer yokha ndi yaulere. Ukhoza kulemba mutu wa pepala pa foni n'kuona ngati wina anafunsapo kanthu, ndipo sizidya bandulo yambiri. Kusapezapo ndemanga sikutanthauza kuti pepalalo ndi langwiro, mwina palibe amene analiwerenga mofatsa.

Nanga pepala la arsenic lija? Linakhalabe m'magazini ya Science, anthu akulitchula, ngakhale kuti mu 2012 magazini yomweyo inatulutsa umboni wolitsutsa. Akonzi a nthawi imeneyo ankati pepala limachotsedwa ngati pali chinyengo, ndipo apa panalibe chinyengo, kunali kulakwitsa chabe. Mu July 2025, patapita zaka pafupifupi 15, mkonzi wamkulu Holden Thorp analengeza kuti alichotsa, ponena kuti masiku ano amachotsanso pepala ngati zimene anachita mu labotale sizikuchirikiza mfundo yake yaikulu. Ananenetsa kuti sakuimba aliyense mlandu wachinyengo. Olemba pepalalo anakana kuvomereza, anati akuimabe pa manambala awo, ndipo akuluakulu ena a NASA anadandaula ndi chigamulocho. Chifukwa chachikulu chimene Science inapereka chinali chakuti DNA ija sinatsukidwe mokwanira isanayesedwe, mfundo imene Rosie Redfield analemba pa 4 December 2010.